Kevin, Ayisi ndi Mendulo ya Mkuwa

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti mayi wa ku Thyolo, amene mpaka lero amavala majuzi awiri dzinja lisanayambe n'komwe, apezeke akuyenda ndi timu ya dziko la Canada kumasewera a pa ayisi. Ndimakuyankhani mwachidule chifukwa mumafunsa tili m'galimoto kapena ndikuthamangira kuntchito. Tsopano ndapuma, nthawi ilipo. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Pomwe pakuvutani mufunse bambo anu, ngakhale adzakuyankhani m'Chinyanja chawo cha ku Chipata.

Thyolo, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga ndi ya fiziyo, yophunzitsanso thupi lovulala kudzuka, kugwira ndi kuyenda. Ndinakaiphunzira ku Lusaka chifukwa kwathu kunalibe sukulu yake, ndipo n'komwe ndinadziwana ndi bambo anu. Nditabwerera ananditumiza kuchipatala china cha mishoni pakati pa minda ya tiyi. Bwana wanga anali Mayi Chisale, namwino wamkulu, munthu wamfupi woyenda mothamanga. Tsiku loyamba ananditsegulira kachipinda komwe munali bedi limodzi ndi benchi, n'kunena kuti, "Edina, dipatimenti yako ndi imeneyi. Zina zonse uziona wekha." Ndodo zoyendera ankatisemera kalipentala wa pamishonipo ndi mitengo ya bulugama. Zonyamula zolimbitsira miyendo ndinkapanga pothira mchenga m'matumba a shuga. Njinga ya olumala inali imodzi chipatala chonse, ya matayala a njinga yakapalasa, ndipo ikaphulika tinkadikira munthu wopita kutauni. Koma anthu ankachira. Ndinayendetsapo othyola tiyi, ana a poliyo, ndi agogo ena amene abale awo anali atawagulira kale nsalu ya maliro.

Oakville ndi Hamilton, zaka za m'ma 1990

Bambo anu atapeza ntchito ya makompyuta ku Markham tinasamukira kuno ku Canada, iwe Tadala uli kumsana. Mapepala anga a ku Lusaka anawakana. Anati ndilembenso mayeso, ndipo pamene ndinkakonzekera ndinalowa ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Oakville, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Mabuku ndinkawerengera m'sitima. Sindidandaula nazo zaka zimenezo, koma tsiku lomwe zotsatira zinatuluka ndinavina m'khitchini mpaka aneba apansi anagogoda denga ndi tsache.

Ntchito ndinaipeza pachipatala china ku Hamilton, kuwodi ya anthu oduka ziwalo, ndipo tinasamukira komweko. Bambo anu ndiwo anavutika ndi ulendo wa ku Markham tsiku ndi tsiku. Kumeneko zida zinali mbwee, zina sindinkadziwa n'komwe poyatsira. Chomwe chinkasowa ndi anthu ogwira ntchito, moti wodwala aliyense unkamuona mothamanga. Bwana wanga, Mayi Pat, anali munthu wosabisa mawu. Iwo ndiwo anandipatsa Kevin.

Kevin anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo, wogwira ntchito pafakitale ina ya zitsulo. Chitsulo chinamugwera, ndipo madokotala anadula miyendo yonse iwiri pamwamba pa mawondo. Asanavulale ankasewera hoke, masewera amene anthu a kuno amawakonda monga ife timakondera mpira. Ndinamupeza atatembenukira kukhoma. Ndikamupatsa moni sankayankha. Tsiku lina ndinamuuza kuti tiyese kukhala tsonga, iye n'kundifunsa kuti, "Kuti ndipite kuti?" Ndinakadandaula kwa Mayi Pat, ndipo anandiuza kuti Loweruka lililonse anthu aulumali amasewera hoke yawo pabwalo lina la ayisi m'tauni momwemo. "Mutengere kumeneko," anatero. "Akakana umuuze kuti iwe ndi amene ukufuna kukaona."

Kevin anavomera monyinyirika. Titafika tinapeza amuna atakhala pa timipando tachitsulo tokhala ndi mipeni iwiri pansi, aliyense ali ndi ndodo ziwiri zazifupi. Mbali imodzi ya ndodo ili ndi mano okankhira pa ayisi, inayo ndi yomenyera paki, kamphira kakuda kolimba komwe amalimbirana kuti akalowetse m'golo. Ankathamanga koopsa, akugundana ndi kutukwanizana. Wina anatikodola kuti tiyandikire. Ine, posadziwa, ndinaponda ayisiyo ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Miyendo inapita m'mwamba, ndinagwa chagada, chikwama uko, duku uko. Ndili pansi pomwepo ndinamva munthu akuseka mpaka kutsokomola. Anali Kevin. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwake. Tsiku lomwelo anamukweza pa kampando, ndipo pobwerera anandifunsa zoti achite kuti mapewa ake alimbe.

Kuyambira pamenepo Loweruka langa linakhala la pabwalo la ayisi. Ndinkamanga mabandeji, kutikita mapewa ndi kuyang'ana zilonda za pa zitsa za miyendo, popanda malipiro. Inu mukukumbukira, chifukwa homuweki yanu yambiri munalembera pa mabenchi ozizira amenewo. Osewerawo poyamba ankanditchula dzina, Edina, ngati mnzawo. Nditawauza kuti kwathu mwana satchula dzina la mayi wa ana awiri, anayamba kunditcha Mama, ndipo dzinalo linakhazikika.

Kuitanidwa kutimu ya dziko

Patapita zaka Kevin anasankhidwa kulowa timu ya dziko. Anali atakwatira mtsikana wina wodekha dzina lake Joanne, ndipo pa ayisi panalibe womupeza liwiro. Fiziyo wa timuyo atasiya ntchito, mphunzitsi wa timu, Bambo Gord, anandiimbira foni. "Anyamata a ku Hamilton akuti tikufunseni inu," anatero. Ndinawauza kuti malamulo a hoke sindiwadziwa onse. Iwo anati, "Malamulo ndi ntchito yanga. Inu mudziwe mapewa." Mayi Pat anandilola kumachoka pantchito timu ikakhala ndi ulendo, koma anandiuza kuti tchuthi china ndisayembekezere. Bambo anu anangoti, "Pita cabe, ana nizaasunga," ndipo anakusungani ndithu, ngakhale mazira okazinga munatopa nawo.

Mpikisano woyamba

Mpikisano waukulu wa masewera a m'nyengo yozizira wa anthu aulumali umachitika kamodzi pa zaka zinayi, ndipo mayiko amabwera ndi akatswiri awo onse. Pamwambo wotsegulira ndinayenda kumbuyo kwa mbendera ya Canada nditavala jekete lofiira, ndikuganiza kuti Mayi Chisale akanandiona akanati chiyani. M'nyumba yomwe tinkagona munalinso otsetsereka pachipale chofewa m'mapiri, ena osaona amene amatsetsereka motsatira mawu a wowatsogolera. Madzulo ambiri wina ankabwera ndi mendulo, tonse n'kumuimbira m'manja m'chipinda chodyera. Anyamata anga ankayang'ana mendulozo mwadyera. Masewera oyambirira anapambana bwino, ndipo aliyense ankanena kuti golide ndi wathu.

Pamasewera omaliza a m'gulu, Kevin anagundidwa n'kukamenyetsa mutu kukhoma la matabwa lozungulira bwalo. Anadzuka msanga. Dokotala wa timu anamufunsa mafunso, anayankha onse bwino, ndipo anamaliza masewerawo. M'mawa mwake anabwera kuchipinda changa kuti ndimutikite phewa. Atagona pabedi anandipempha kuti ndizimitse getsi. Kenako anandifunsa kuti mawa tisewera nthawi yanji. Ndinamuuza. Tinacheza pang'ono za Joanne, yemwe anali woyembekezera, kenako anandifunsanso kuti mawa tisewera nthawi yanji. Manja anga anaima.

"Kevin, mutu ukupweteka?"

"Pang'ono. Sindinagone bwino."

"Wasanza?"

Anadzuka n'kundigwira dzanja. "Mama, musanene. Atsala masewera awiri okha. Ndikamaliza ndigona mwezi wathunthu, ndikulonjeza. Inu mukudziwa komwe ndachokera. Munandipeza nditayang'ana kukhoma."

Ndinkadziwadi. Ndinkadziwanso kuti ubongo ukagwedezeka, munthu n'kumenyedwanso usanachire, akhoza kufa kapena kutsala wosazindikira ngakhale mkazi wake. Panalibe wina amene anamva zomwe ndinamvazo. Ndikanakhala chete, palibe akanandiimba mlandu. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, ndikupita kwa dokotala. Ndafuna udziwe kuti ndine ndanena, usaganizire wina." Anasiya dzanja langa n'kunena mawu amene sindingawalembe pano.

Dokotala anamuyezanso mofatsa ndipo anapeza zomwezo. Bambo Gord atamva anavula chipewa n'kuchiponya pansi, koma sanatsutse. Mawa lake tinaluza masewera opitira kufainolo ndi kusiyana kwa chigoli chimodzi. Olimbirana mendulo ya mkuwa, ya nambala yachitatu, tinaluzanso. Canada inabwerera ndi mendulo zambiri chaka chimenecho, koma ya hoke panalibe. M'ndege anyamata ena ankandilankhula, ena ayi. Kevin anavala magalasi akuda ulendo wonse, ndipo pabwalo la ndege ku Toronto anandidutsa ngati sakundidziwa.

Zaka zapakati

Ndinafuna kusiya. Ndinauza bambo anu kuti ine ndine mlendo pamasewera amenewa, ndipo ndawalanda anthu chinthu chomwe anachivutikira. Anandifunsa kuti, "Nanga zikanachitikanso mawa, ukanachita bwanji?" Ndinati ndikanachita zomwezo. "Ndiye ukusiyiranji?" Sindinasiye.

Joanne ndi amene ankandiimbira mobisa. Anandiuza kuti mutu unamuvutitsa Kevin miyezi yambiri, moti mwana wawo wamkazi atabadwa sankatha kupirira kulira kwake, ankakakhala m'galaja. Anachira pang'onopang'ono n'kubwerera kutimu, koma phewa ankakatikitsa kwa fiziyo wina. Tikakumana ankangogwedeza mutu. Zinandipweteka kwambiri kuposa mmene ndinkakuonetserani. Panadutsa pafupifupi zaka ziwiri. Tsiku lina tili kumalo okonzekera masewera, chitseko changa chinatseguka, iye n'kulowa ndi njinga yake. Anakwera pabedi yekha n'kunena kuti, "Winayo satha." Ndinati, "Gona chafufumimba." Sitinakambe za kale tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Anangoyamba kundionetsa zithunzi za mwana.

Mpikisano wachiwiri

Ulendo wachiwiri Kevin anali kaputeni, tsitsi litayamba imvi, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndi womaliza kwa iye. Kunja kunali kozizira moti nsidze zinkauma, koma m'nyumba ya timu ya Canada munali chisangalalo, chifukwa otsetsereka m'mapiri ndi othamanga pachipale ankabweretsa mendulo motsatizana. Ife tinafikanso pamasewera opitira kufainolo, ndipo tinaluzanso. Panatsala masewera amodzi, olimbirana mkuwa, omwe aja anatikanika zaka zinayi zapitazo.

M'mawa wa tsiku lotsatira ndinamva njinga ziwiri pakhomo. Anali Kevin ndi Marc, msilikali wakale wa ku Quebec amene anataya mwendo kunkhondo, yemwe pa nthawiyo ndiye ankamwetsa zigoli zambiri m'timu. Marc anali atagwetsa nkhope. Kevin anatseka chitseko n'kunena kuti, "Timagona chipinda chimodzi. Dzulo anamenyetsa mutu pa ayisi, wasanza kawiri, ndipo akuti akuona zinthu ziwiriziwiri. Marc, auze Mama wekha."

"Ndi chakudya chabe," anatero Marc. "Kevin, iwe ndiwe kaputeni, ukufuna tiluze?"

"Ndikufuna tipambane kuposa iwe," anatero Kevin. "Ine sindidzabweranso kuno. Iwe udzabwera, ngati mutu wakowo uusunge."

Ndinayang'ana Kevin, iye n'kuyang'ana kumbali. Marc tinapita naye kwa dokotala tonse awiri, ndipo anamuletsa kusewera. Bambo Gord ulendo uno chipewa sanaponye. Anangofunsa Kevin ngati mapewa ake angapirire kusewera nthawi yaitali kuposa masiku onse, popeza malo a Marc anafunika kutsekedwa. Kevin anati, "Funsani Mama." Ndinati apirira, koma mawa lake sadzatha kunyamula ngakhale kapu ya tiyi.

Masewerawo sindidzawaiwala. Anzathu omwe tinkasewera nawo ndiwo anayamba kumwetsa chigoli. Chigawo chachiwiri Kevin analanda paki pakati pa bwalo, anathawa anthu awiri, n'kupatsira mnzake amene anali yekha pafupi ndi golo. Chinalowa. Pa nthawi yopuma ndinamumanga phewa ndi bandeji yatsopano, manja ake atatopa moti botolo la madzi ndinamugwirira ine. Chigawo chomaliza chili pakati, paki inagunda goloboyi wawo n'kubwerera, ndipo Kevin, atagwa cham'mbali, anaikankha ndi ndodo ya kumanzere. Inalowa pang'onopang'ono, ngati ikuganiza kaye. Zitatero anzathuwo anatiunjikira onse. Goloboyi wathu anatchinga ndi manja, ndi chifuwa, kamodzi ndi chipewa chenicheni. Ine ndinali nditagwira jekete la Bambo Gord osadziwa, ndikupemphera mokweza m'Chichewa.

Lipenga lotsekera litalira, ndodo ndi magolovesi zinauluka m'mwamba, anyamata n'kuunjikana pa ayisi ngati ana. Ine nthungululu inangotuluka yokha, yaitali, ya ku Thyolo yeniyeni, mpaka ojambula anatembenuka. Iwe Yamikani unanditumizira uthenga nthawi yomweyo kuti, "Mum, the whole country just heard you." Marc anatsika pomwe anakhala, ndipo anzake anamukokera pakati pawo. Powaveka mendulo anamuveka nayenso, chifukwa anali atasewera masewera ena onse. Mbendera ya Canada inakwera pamodzi ndi za mayiko awiri amene anatiposa, ndipo amuna akuluakulu, ena oti anaona nkhondo, ankalira osabisa. Ogwira ntchito sitilandira mendulo, koma tsiku limenelo sindinasirire munthu aliyense padziko lapansi.

Markham, titabwerako

Mukudziwa kuti Lamlungu loyamba la mwezi Amalawi ndi a ku Zambia timapemphera pamodzi ku Markham, kenako n'kudyera limodzi m'chipinda chapansi cha tchalitchi. Anthu amenewa hoke sankaidziwa, koma masewera athu anaonera, ndipo amayi a chigwirizano ankatsutsana za malamulo ake ngati akatswiri. Lamlungu limenelo tikukonza matebulo, chikepe cha olumala chinatsika, ndipo munatuluka Kevin, Joanne ndi kamtsikana kawo. Anali atapangana ndi bambo anu ine osadziwa.

Kevin anapempha kulankhula. Anati, "Mayi awa anandiletsa kusewera masewera aakulu kwambiri pamoyo wanga, ndipo ndinawada zaka ziwiri. Sindinawapepesepo. Ndaona kuti ndichite zimenezi pamaso pa anthu awo." Anatembenukira kwa ine n'kunena mawu amene Joanne anati anawayeserera sabata yonse m'galimoto: "Pepani, Mama. Zikomo kwambiri." Anawatchula mokhota, koma palibe anaseka. Ine ndinangophimba nkhope ndi chitenje.

Kenako anatulutsa mendulo m'thumba la jekete, ndipo inayenda m'manja mwa aliyense, kuyambira abusa mpaka ana. Itafika kwa bambo anu anaiyeza kulemera m'dzanja, anaitembenuza, n'kunena mokweza kuti, "Uyu mkuwa niwudziwa, ni wa kwathu ku Zambia. Mwabweza cabe katundu wathu." Amalawi anakuwa kuti fiziyo ndi wa ku Thyolo, a ku Zambia akuti mkazi ndi wawo chifukwa anakwatiwa kwawo. Mkanganowo uli mkati, mayi wina anayambitsa nyimbo, ng'oma ya kwaya inalowa, ndipo tinavina mozungulira matebulo. Kevin anali pakati, akuzungulitsa njinga yake ndi dzanja limodzi chifukwa phewa linalo linali lisanachire, mwana wake ali pamiyendo atavala mendulo yofika m'mawondo.

Ndinagwirabe ntchito ndi timu mpaka mawondo anga atayamba kukana kuzizira kwa m'mabwalo, ndipo kuchipatala ndinapuma chaka chatha. Marc anapitanso kumpikisano wotsatira ndipo anabwera ndi mendulo ina. Kevin tsopano amaphunzitsa hoke ana aulumali ku Hamilton. Mwezi wathawu anandiimbira foni kuti pali mtsikana wina wangoduka mwendo pangozi ya galimoto, ndipo akukana kutuluka m'nyumba. Ndinamukumbutsa kuti ndinapuma pantchito. Iye anati, "Ndikudziwa, Mama. Ndidzakutengani Loweruka m'mawa." Ndinapita.